KUBWERERA KUMUDZI KWA MUNTHU WOTHYOKA MSANA

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa masana wa Cikondwerero

Pakati pa nyimbo ndi mbiri za masiku akale, kwayenera kuti pakhalenso mau onena za odwala. Ndasankha kunena za mtundu umodzi wa odwala, amene ambiri a ife tawaona ndi maso, koma sitikamba za iwo kawiri-kawiri. Ndiwo anthu othyoka msana kapena khosi, amene agona miyezi m'cipatala, naphunzitsidwa kukhala pa cikuku, ndipo tsiku lina galimoto iwatula pa bwalo la kwao. Abale aturuka, amai alulutira, ena alira. Tsono galimoto ija itabwerera, ndi alendo atabalalika, cicitika n'ciani kwa munthuyo? Ndilo funso limene ndifuna tilingalire pamodzi.

Poyamba tidziwe cimene caonongeka. M'kati mwa mafupa a msana muli mtsempha wofewa, kukula kwace ngati cala cacing'ono ca dzanja, wocokera ku bongo ndi kutsikira kufupi ndi ciuno. Mtsempha umenewu ndiwo mseu wa mithenga ya thupi: bongo ukafuna kuti phazi liyende, mthenga utsikira pamenepo, phazi likaponda munga, mthenga ukwerera pomwepo. Mtsemphawo ukaduka kapena kuphwanyika, mbali ya thupi ya kunsi kwa bala siimvanso kanthu, ndipo siimvera mwini wace. Bala likakhala pa msana, miyendo ifa. Likakhala pakhosi, ndi manja omwe afooka. Kawiri-kawiri munthu sathanso kugwira mkodzo ndi cimbudzi monga kale. Koma mutu wace uli bwino lomwe. Nzeru zace, kukumbukira kwace, luso lace la kuwerengera ndalama, kuweruza mirandu ndi kulangiza ana, zonse ziripo monga zinaliri dzulo. Mau awa muwasunge, pakuti zonse ndidzanena zitsamira pa iwo.

Zobvulaza msana muzidziwa: kugwa mu mtengo pothyola mango, ngozi za galimoto ndi njinga zamoto, kupsinjidwa ndi ngolo kapena khoma, kugwa munthu atasenza katundu wolemera pamutu. Nthawi zina si ngozi ai, koma cifuwa cacikuru cimene calowa m'mafupa a msana. Bungwe la World Health Organization, m'buku lace la caka ca 2013, linawerengera kuti pa dziko lonse lapansi anthu a pakati pa 250,000 ndi 500,000 abvulala cotere caka ndi caka, ambiri a iwo amuna. Linanenanso kuti anthu otere afa msanga kuposa anzao, makamaka m'maiko osauka. Ndipo cowapha kawiri-kawiri si bala la msana lija, koma zinthu ziwiri zotsata pambuyo pace, ndizo zironda za pogonera, ndi matenda a m'cikhodzodzo ndi impso.

Kale, ngakhale ku Ulaya komwe, munthu wothyoka msana anamuyesa maliro ocedwa kuikidwa. Pa nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918, dotolo wa ku America, Harvey Cushing, anaona kuti mwa asilikari 100 olasidwa pa mtsempha wa msana, ngati 80 anafa m'masabata oyamba. Otsalawo anawaika m'nyumba za odwala osacira, kumene anawadyetsa, nawapfunditsa, nalindira tsiku. Za kubwerera kwao panalibe woziganizira, pakuti panalibe woyembekeza kuti adzakhala ndi moyo.

Munthu amene anatembenuza maganizo amenewa koposa onse ndiye Ludwig Guttmann, Myuda wobadwa m'caka ca 1899 ku Tost, mudzi umene masiku amenewo unali m'dziko la Germany. Akali mnyamata, m'caka ca 1917, anathandiza nchito pa cipatala ca ku Königshütte, dera la migodi ya malasha. Ndipo kumeneko anaona mwamuna wamphamvu wa m'mgodi, wothyoka msana, amene madotolo anangomleka poyesa kuti palibe cocita. Patapita masabata 5 munthuyo anafa ndi mafinya m'thupi. Guttmann anaphunzira udotolo, nakhala katswiri wa bongo ndi mitsempha mu mzinda wa Breslau. Ulamuliro wa Hitler utayamba kuzunza Ayuda, anamcotsa pa nchito yace m'caka ca 1933, nangomlola kuciritsa Ayuda anzace. Ndipo m'caka ca 1939 anathawa ndi banja lace, nafika ku Oxford m'dziko la England. Ndiyesa kuti cimeneci cinamphunzitsa kanthu kamene sukulu ya udotolo siiphunzitsa: iye mwini anadziwa kuwawa kwace kwa munthu wokhoza nchito, amene anzace amuika pambali.

Boma la Britain, poona kuti nkhondo yaciwiri idzabweretsa obvulala ambiri, linampempha atsegule cipinda ca othyoka msana pa cipatala ca Stoke Mandeville, kufupi ndi Aylesbury. Anacitsegula m'mwezi wa February, 1944, ndi makama osakwana 30. Mankhwala ace oyamba sanali a m'botolo. Analamula kuti wodwala ali yense atembenuzidwe pakapita maora 2, usana ndi usiku womwe. Ndipo iye mwini ankafika pakati pa usiku modzidzimutsa, kudzaona ngati a nchito ali kucitadi. Analamulanso kuti mkodzo ucotsedwe pa nthawi zoikika ndi kapaipi koyera, kolowetsa ndi kuturutsanso. Mankhwala a penicillin, amene anayamba kupezeka zaka zomwezo, anathandiza pa matenda a mafinya. Potero anthu analeka kufa.

Koma pamenepo ndipo panabuka funso lathu lija. Mnyamata wa zaka 22 wapulumuka. Kutsogolo kwace kuli zaka zambiri. Kodi adzazitha ciani? Kugona cagada, kuwerenga mitanda ya denga? Guttmann ankanena kuti colinga cace ndico kusandutsa wodwala wace akhale munthu wokhoma msonkho. Ife amene makolo athu ankathawira m'chire poona amesenjala a msonkho tingaseke mau amenewa. Koma tanthauzo lace n'lakuya. Wokhoma msonkho ndiye munthu wopata kanthu ndi nchito yace, wowerengedwa pamodzi ndi anthu, amene dziko liyembekeza kanthu kwa iye. Cifukwa cace pa cipatalaco panali nyumba zophunziramo ukalipentala, kukonza mawochi ndi kulemba pa makina. Ndipo wodwala wokhoza kukhala tsonga sanamlole kuswera pakama. Anthu ena anamuyesa wouma mtima, ndipo zoonadi anali munthu waukali, wosafuna kutsutsidwa. Koma ukali wace unali wa munthu wokhulupirira kuti odwala ace ali ndi mawa.

Analowetsanso masewera, osati a kupititsa nthawi cabe, koma monga mbali ya kuciritsa. Odwala ankaponyerana mpira ali pa zikuku, naphunzira uta ndi mibvi. Uta unali ndi mapindu awiri: ulimbitsa mapewa, manja ndi msana wa kumtunda, zimene munthu wa pa cikuku ayendera, ndiponso woponya mubvi ali khale atha kupikisana ndi woponya ali ciriri, osampatsa cifundo. Pa 29 July, 1948, tsiku lomwe masewera a Olympic anatsegulidwa ku London, anthu 16 a pa zikuku, amuna 14 ndi akazi 2, anapikisana pa uta ndi mibvi pa kapinga wa cipatalaco; ena anali a Stoke Mandeville, ena a nyumba ya Star and Garter ku Richmond. M'caka ca 1952 kunafika anzao a ku Netherlands. M'caka ca 1960 masewerawo anacitikira ku Rome, ndi anthu ngati 400 a maiko 23. Ndiwo amene tsopano awerengedwa masewera oyamba a Paralympic.

Mbiri imeneyi anthu akonda kuilekezera pomwepo, pa mendulo ndi kuomba m'manja. Ife tipitirire pang'ono, cifukwa cobvuta ceni-ceni cinali kunja kwa mpanda wa cipatala. Munthu wophunzitsidwa bwino ankabwerera ku nyumba ya makwerero, ya makomo opapatiza, ya cimbudzi cosalowa cikuku. Nakafuna nchito kwa anthu amene sanaonepo wa pa cikuku ali kugwira nchito. Nkhondo itatha, anamanga midzi yapadera ya asilikari opuwala, monga Lyme Green kufupi ndi Macclesfield, kumene kunali nyumba zopanda makwerero ndi malo a nchito pomwepo. Ndi nyumba yogonamo ya Duchess of Gloucester House ku madzulo kwa London, kumene okhalamo ankaturuka m'mawa kupita ku mafakitale apafupi, nabwera madzulo. Zimenezi zinathandiza ndithu. Koma mudzi wa opuwala okha-okha, ungakhale ukongole cotani, si kwanu. Mace wa munthu, anzace oseweretsa paubwana, ndi manda a makolo ace ziri kwina. Kunalinso lamulo la caka ca 1944, lonena kuti wolemba anthu 20 kapena kuposa, atatu mwa 100 a anchito ace akhale olumala. Olemba nchito ambiri sanalisunga, ndipo boma silinawakakamiza kweni-kweni, kufikira lamulo lina la 1995 linalowa m'malo mwace.

Pali mai mmodzi amene mbiri yace ikhudza dziko lathu lino, ndipo ionetsa bwino kusiyana kwa kucira ndi kulandiridwa. Margaret Maughan, mphunzitsi wa ku Lancashire, anathyoka msana pa ngozi ya galimoto m'caka ca 1959, ali m'dziko lino, likali kuchedwa Nyasaland. Anamtengera ku Stoke Mandeville, kumene anaphunzira uta ndi mibvi. Ndipo caka cotsatira, ku Rome, ndiye anapata mendulo yagolide yoyamba ya Britain pa masewera amenewo. Koma taonani zinacitika pozungulira mendulo ija. Nyumba zimene anawagonekamo ku Rome zinali zam'mwamba, za makwerero, kotero kuti asilikari anacita kuwanyamula pokwera ndi potsika. Atabwerera ku England, pa sitima yopita kwao anamkweza pamodzi ndi cikuku cace m'ngolo ya katundu. Ndipo pofuna nchito yace ya uphunzitsi anabvutika kuipeza, cifukwa anthu anayesa kuti mkazi wa pa cikuku sangathe kulamulira ana m'kalasi. Mai yemweyo ndiye anayatsa moto wotsegulira masewera a Paralympic ku London m'caka ca 2012, pamaso pa khamu lalikuru, namwalira m'caka ca 2020. Cipatala cinatha nchito yace pa iye m'miyezi yowerengeka. Anthu a kwao anatha zaka zambiri asanathe yao.

Pambuyo pace opuwala eni ace anaona kuti pali zinthu zimene dotolo sangathe kuwaphunzitsa, popeza iye sanakhalepo pa cikuku. M'caka ca 1974 Baroness Masham, amene anathyoka msana pogwa pa kavalo, anayambitsa pamodzi ndi anzace bungwe la Spinal Injuries Association, kuti wobvulala kale azilangiza wobvulala tsopano. Nzeru imeneyi siifuna ndalama zambiri, ndipo ndidzabwereranso kwa iyo.

Tsono tibwere kuno kwathu. Nafenso tiri nao malo ophunzitsira anthu otere, monga pa Kachere ku Blantyre. Kumalo kotere munthu aphunzira kucoka pakama kupita pa cikuku, kusamala khungu lace, ndi kuturutsa mkodzo pa nthawi yace. Koma malo otere ndi ocepa, ali kutali ndi midzi yambiri, ndipo wophunzitsa satsagana ndi wodwala kumudzi. Kumudzi kuli inu.

Mdani woyamba amlindira pa mphasa. Ife tikagona, mbali imodzi ikatopa titembenuka m'tulo momwe osadziwa, cifukwa khungu lituma mthenga. Kwa mbale wathuyu mthengawo sufika. Pamene pfupa likanikiza khungu, pa matako, m'mbali mwa ciuno, kumapeto kwa msana ndi pa zidendene, mwazi uleka kuyenda, ndipo m'maora owerengeka mnofu uyamba kufa. Ciyamba ngati banga lakuda kapena lofiirira, lotentha kapena louma pokhudza. Cikalekereredwa cikumba kufikira pa pfupa. Ndipo cironda cimene cinayamba usiku umodzi citha miyezi cisanapole, kapena cimtenga munthu. Banga likaoneka, mankhwala ace ndiwo kusagonera pamenepo kufikira litatha. Cifukwa cace khungu liyang'anidwe tsiku ndi tsiku, mwini wace ndi kalirole, kapena mbale wace ndi maso. Pogona pakhale pofewa ndi pouma. Ndipo kutembenuza kumene Guttmann ankadzukira usiku kucitikenso m'nyumba ya udzu, kufikira munthuyo atha kudzitembenuza yekha. Pa cikuku momwemonso: azidzikweza ndi manja kapena kupendekeka kawiri-kawiri.

Apa ndifunse: atembenuza ndani? Kawiri-kawiri ndi munthu mmodzi, mkazi wace kapena mace. Yemweyo atunge madzi, yemweyo acape zopfunda, yemweyo alime, yemweyo adzuke katatu usiku. Mkazi wotere atha mphamvu, msana wace womwe uyamba kuwawa, ndipo akatopa anthu ati alibe cikondi. Pa maliro tidziwa bwino kugawana nchito: adzukulu akumba, amai asinja ndi kuphika, ena acezera usiku wonse, ndipo palibe acita kuuzidwa. Luso lomwelo likufunika munthu akali moyo. Mlaliki wa pa mudzi atha kukhala pansi ndi banja ndi a mfumu, nagawa masiku, kuti lero agone uje, mawa uje. Amuna kwa mwamuna, akazi kwa mkazi, monga mwa ulemu wathu. Ndipo ogawidwawo aphunzire kwa amene anali naye kucipatala, asamkoke munthu pa mphasa ngati thumba la cimanga, pakuti kukhulako kung'amba khungu.

Mdani waciwiri ndi wa manyazi, ndipo mundilole ndimchule pamaso pa akuru. Cimene cisunga anthu ambiri otere m'nyumba si miyendo ai, koma mantha akuti angadzinyowetse kapena kudziipitsa pagulu. Munthu amene wapeza nthawi yace yoikika ya mkodzo ndi cimbudzi ayenda kuli konse. Wosaipeza akana ngakhale kukhala pakhonde. Cimbudzi ca dzenje ca khomo lopapatiza, ciri kuseri kwa munda, sicimthandiza. Cifunika khomo lotakata, njira yosalala, mpando wobooka pakati, ndi mtengo wolimba wogwirira. Mmisiri wa pa mudzi atha kukonza zimenezi masiku awiri. Ambiri acepetsa kumwa madzi poopa kunyowa, ndipo potero aitana matenda a cikhodzodzo; koma ayenera kumwa madzi okwanira, ndi kusamba m'manja ndi sopo asanagwire kapaipi. Mkodzo ukacita mbuu ndi kununkha, thupi likatentha ndi kunjenjemera, musangoti ndi malungo. Pitani naye kucipatala, mukanene kuti ndi wothyoka msana. Ndipo kwa iye amene bala lace liri pakhosi kapena pa msana wa kumtunda pali cizindikiro cimodzi coopsa: mutu kuwawa kolimba modzidzimutsa, thukuta kumaso, mphuno kutsekeka. Kawiri-kawiri cifukwa cace ndi cikhodzodzo codzala kapena kapaipi kotsekeka, ndipo mwazi uthamanga koopsa. Musamgoneke, mkhazikeni tsonga, masulani zomthina, turutsani mkodzo, ndipo zikapanda kuleka msanga, thamangani naye.

Ndichulenso moto. M'miyezi ya June ndi July tiotha moto tonse. Koma phazi losamva lipsa mwini wace ali kuseka ndi anzace. Momwemonso mbale ya nsima yotentha yoikidwa pa miyendo, ndi madzi osamba osayesedwa ndi dzanja.

Za cikuku ndinene pang'ono. Cikuku ca m'cipatala, ca timawiro ting'ono kutsogolo, cinapangidwira simenti. Pa mcenga ndi pa matope cititimira. David Constantine wa ku England, amene anathyoka khosi podumphira m'madzi osaya, anayambitsa ndi anzace awiri bungwe la Motivation m'caka ca 1991, limene linakonza zikuku za mawiro atatu, zoyenera njira za kumudzi. Pofuna cikuku, funsani coyenera msinkhu wa munthuyo ndi dothi la kwanu, cimene wokonza njinga wa pa msika angathe kucikonza. Ndipo musaiwale mtsamiro wokhalira, pakuti cikuku copanda mtsamiro wabwino cibala zironda.

Zonsezi zisunga munthu ndi moyo. Koma sizinambwezere pakati pa anthu. Combwezera ndico cija Guttmann anacicha msonkho. Mphunzitsi wothyoka msana akali mphunzitsi. Cimene casintha ndi kutalika kwa bolodi. Wosoka atha kusoka pa makina opukusa ndi dzanja. Ena akonza mafoni, mawailesi ndi njinga. Ena asunga sitolo, aweta nkhuku, aluka, alemba mabuku a banki ya m'mudzi. Munda wace ukhalebe wace, angakhale olima ndi ena. Iye ndiye anene cobzala ndi tsiku logulitsa. Ndipo ngati ali mwini mbumba, mlandu wa mbumba usakambidwe iye ali m'nyumba osaitanidwa. Mwana wa sukulu abwerere ku sukulu msanga, caka cisanapite. Pakuti mwana akakhala kunyumba zaka ziwiri, anzace atapitirira, sabwereranso. Bungwe la World Health Organization linapeza kuti mwa akuru othyoka msana oposa 60 mwa 100 ali opanda nchito. Koma manja a ambiri a iwo ali amphamvu kuposa athu.

Pali cifundo cina cimene cipha pang'ono-pang'ono. Ndico ca alendo ofika ndi nkhope za maliro, nati pepani, pepani, nacoka. Ca iwo amene afunsa wokankha cikuku kuti, Kodi wadzuka bwanji? mwini wace ali pomwepo ndi makutu ace. Ca mai amene alanda mpeni m'manja mwa mwana wace wamkazi kuti asasende mbatata. Munthu womcitira zonse aiwala zimene anaphunzira, manja ace afooka, ndipo potsiriza akhulupirira yekha kuti watha. Kuli bwino kufika ndi bawo, kapena ndi nkhani ya mtengo wa feteleza, kapena ndi mlandu wofuna nzeru zace. Musamthandize asanapemphe, ndipo akapempha, mfunseni njira yace yomthandizira, pakuti thupi lace alidziwa ndiye.

Za ukwati aphunzitsi ndi alangizi adzakomana nazo, afune asafune. Abale ena auza mkazi kuti acoke akali mtsikana. Amuna ena, mkazi akabvulala, amtumiza kwao, nakwatira wina. Mudziwe kuti mkazi wothyoka msana abwereranso kumwezi patapita miyezi ingapo, atha kutenga pakati ndi kubala, akasamalidwa ndi a cipatala. Kwa amuna kubereka kubvuta kawiri-kawiri, ndi kukhalira pamodzi kusinthika. Koma nkhani zimenezi ziri ndi uphungu wace kucipatala, ndipo banja lisaweruzidwe ndi mphekesera za pa citsime. Palinso cizolowezi ca kufuna-funa amene anamlodza. Mbuzi ndi ndalama zimene zikadagula matiresi ndi mtsamiro zithera pa maula, ndi ubale wa pa mudzi usweka pa nthawi imene wodwala aufuna koposa. Mtengo wa mango uli pomwepo, nthambi yothyoka ioneka. Ndipo ngati ndi cifuwa cacikuru ca m'mafupa, mankhwala ace alipo kucipatala, ndipo wofulumira kumwa kawiri-kawiri apezanso mphamvu m'miyendo. Wocedwa kwa woombeza ataya nthawi imeneyo.

Mtima wa munthuyo muuyang'anenso. Buku lija la 2013 linati mwa anthu 100 otere, 20 kufikira 30 agwidwa ndi cisoni cacikuru cimene ciri nthenda ndithu. Miyezi yoyamba ya kumudzi ndiyo yoopsa: kucipatala onse anali pa zikuku, kuno ali yekha. Mukaona akana cakudya, aleka kudzisamala, safuna kuturuka, kapena anena za imfa, musamdzudzule kuti alibe kupirira. Khalani naye, dziwitsani a cipatala. Ndipo funani m'dera lanu munthu wina wa pa cikuku amene wakhala zaka, ali ndi banja ndi nchito, mumtengere kwa mnzaceyo. Ola limodzi la anthu awiri amenewo lipanga zimene ife oyenda ndi miyendo sitingathe ndi mau a mwezi wathunthu. Ndiyo nzeru ija ya 1974, ndipo mtengo wace ndi wa kubwereka ngolo tsiku limodzi.

Dziko lathu linabvomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala m'caka ca 2009, ndipo m'caka ca 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lowateteza. Nkwabwino kuti aphunzitsi adziwe zimenezi, kuti sukulu kapena wolemba nchito akakana munthu cifukwa ca cikuku, adziwe poima. Koma taona kale ku England kuti lamulo silisenza njerwa. Poturuka pano yang'anani makwerero a nyumba zathu zosonkhaniramo, a sukulu, ndi a nyumba za mapemphero za m'midzi mwanu. Kunyamulidwa ndi anyamata anai pamaso pa khamu sabata ndi sabata, monga anawanyamula asilikari ku Rome, kutopetsa mtima, ndipo ambiri aleka kubwera cifukwa ca cimeneco cokha.

Muyeso wace wa njira yotsetsereka ndi uwu: pa kukwera kwa sentimita imodzi, kutalika kukhale masentimita 12. Ciunda ca masentimita 30 cifuna njira ya mamita 3 ndi masentimita 60. Yaifupi kuposa pamenepo ikhala phiri, limene munthu sangakwere yekha, ndipo potsika limgwetsa. Pamwamba pace pakhale malo athyathyathya oimapo potsegula citseko, m'mbali mukhale kampanda kakang'ono kochinga mawiro, ndipo khomo likhale la masentimita 90. M'kati, cotsani benchi limodzi pakati pa anthu, ku mbali ya abambo ndi ku mbali ya amai, kuti munthuyo akhale ndi a msinkhu wace, osati pakhomo pamodzi ndi maambulera. Ndipo mukaunjika dothi ndi njerwa, musanathire simenti, itanani mwini cikuku akwerepo yekha, natsikenso, anene ngati pali bwino.